Kale Ankaboola Pamchombo, Lero Singano Yangokwana

Kale ku Petauke ndi ku Nyimba, banja likatha zaka popanda mwana, mlandu wonse unkagwera mkazi. Ankamutcha chumba. Apongozi ankamuyang'ana ndi diso lofiira, azakhali ankamuperekeza kwa asing'anga, iye n'kumamwa mizu yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi. Za mwamuna zinkangonong'onedwa kuseri kwa nkhokwe.

Nako kwa azungu, njira ya IVF, yothandiza mabanja osowa ana pokumanitsa dzira la mayi ndi umuna wa bambo mu labotale, itangoyamba, zinali zovuta zedi. Louise Brown, mwana woyamba kubadwa mwa njirayi, anabadwira ku Oldham, ku England, pa 25 Julayi 1978. Kuti apeze dzira, Dr Patrick Steptoe ankagonetsa mayi ndi mankhwala, kumuboola pamchombo, kumupopera mpweya m'mimba mpaka itupe, kenako n'kulowetsa chitoliro cha nyali chosuzumirira m'katimo. Tangoganizani, chintchito chonsecho, kwa mayi ake a Louise chinangotulutsa dzira limodzi lokha!

M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ku Denmark ndi ku Sweden anayamba kutsogolera singano ndi makina a sikani, ndipo zinthu zinatembenuka. Lero mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku pafupifupi khumi kuti mazira akhwime ambiri nthawi imodzi. Pakatha maola ngati 36 chilandirireni jakisoni womaliza, amangomupatsa mankhwala oodzeretsa, ndipo singano yopyapyala imadzera m'njira yoberekera. Pa sikirini pamaoneka timatumba takuda, tobulungira. Singano ikagunda kamodzi, kamafwetera pomwepo, madzi ake n'kutsikira m'kabotolo kofunda. Wa mu labotale amawaunika n'kulengeza kuti dzira lapezeka. Mphindi 30 zisanakwane, yatha! Palibe bala, palibe ulusi, madzulo mayi ali kunyumba.

Nanga dzira likakanirira? Akatswiri anapanga singano ya mabowo awiri: lina lopopera madzi oyera m'kathumbako, lina lowayamwa, ngati mmene timatsukuluzira chikho cha thobwa kuti pansi pasatsale kanthu. Madokotala ambiri ankatsukuluza kathumba kalikonse kangapo, poopa kusiya dzira. Chodabwitsa n'chakuti bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana, linapeza kuti kwa amayi ambiri kutsukuluzako kumangotalikitsa ntchito, koma ana obadwa sachuluka. Kuyamwa kamodzi n'kokwanira, ndipo ena amatsukuluzabe pokhapokha timatumba tikachepa kwambiri.

Ku Africa kuno, chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chinalandira mwana wake woyamba wa IVF mu 1984, ndipo lero njirayi ikupezeka ku Lusaka komwe. Mayi wa ku Nyimba akakwera basi m'mawa pa Great East Road, n'kuwoloka mlatho wa Luangwa, tsiku lomwelo wafika. Mtengo wake ngwokwera ndithu, ndipo si onse amene amatenga pathupi ulendo woyamba. Koma musanagulitse mbuzi kapena mtedza, yambani mwapita kuchipatala nonse awiri, chifukwa vuto limapezekanso kwa abambo.