Dzina la Washington lidachokera kumudzi

Ambiri akamva Washington amaganiza za likulu la Amereka. Komatu dzinali lidayambira pakamudzi kena kumpoto kwa Mangalande.

Cha m'ma 1183, William wa ku Hertburn adalandira malo m'mudzi wa Wessyngton, nayamba kutchedwa William de Wessyngton. Ka "de" nkomwe kaja ka m'Chipwitikizi, kotanthauza "wa ku". Itapita mibadwo kadagwa, dzina la mudzi nkusanduka la banja. M'banja limeneli ndimo mudabadwa George Washington mu 1732, ndipo likulu lija lidatchedwa dzina lake.

Maina otere ngochuluka kwa Angerezi. "Ton" ndi mudzi, "ford" ndi powolokera mtsinje. Choncho Bradford ndi wa padooko lotambalala.

Naye Livingstone, amene adafika kuno ku Tete mu 1856, dzina lake ndi la mudzi wa Livingston ku Scotland, chonsecho agogo ake adali a pachilumba cha Ulva.