Wosewera akagwa m'bwalo, amathamangirako ndani?

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mabwalo a m'midzi amadzaza Loweruka lililonse. Matimu amalimbirana mbuzi, mipira kapena yunifolomu imene wapereka phungu wa deralo. Masewero ali mkati, anyamata awiri alumphira mpira wam'mwamba, awombana mitu, mmodzi n'kugwa osadzuka. Aliyense amene anaonerapo mpira wakumudzi akudziwa chimene chimatsatira. Khamu limamuunjirira, wina amamuthira madzi kumaso, wina amamukoka miyendo, winanso amamukupiza ndi malaya. Akangotsegula maso amamuimiritsa, n'kumukumbutsa kuti mwamuna salira. Pakapita mphindi zisanu ali m'bwalo kachiwiri.

Onsewa amakhala ndi mtima wothandiza, koma munthu amene anaphunzira kusamalira osewera ovulala sangachite n'chimodzi chomwe mwa zimenezi. Iye amayamba waona ngati mnyamatayo akupuma, amaletsa aliyense kumugwedeza khosi, ndipo samulola kubwerera m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale timu itatsala ndi anthu khumi. Imeneyi ndi ntchito yakeyake, ili ndi sukulu, mayeso ndi chiphaso, ndipo achinyamata ambiri okonda masewero sadziwa kuti angaiphunzire.

Dziko limene ntchitoyi inakhazikika kwambiri ndi la America, kumene woigwira amatchedwa athletic trainer. Dzinali limasokoneza, chifukwa munthuyu saphunzitsa mpira ngati kochi, komanso si uja wophunzitsa anthu kunyamula zitsulo. Ndi wazaumoyo amene malo ake ogwirira ntchito ndi m'mbali mwa bwalo. Bungwe la anthu a ntchitoyi, la National Athletic Trainers' Association, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1950 mumzinda wa Kansas City, ndipo m'chaka cha 1990 bungwe la madokotala la American Medical Association linavomereza kuti ntchitoyi ndi imodzi mwa ntchito zachipatala.

Anthu ambiri anazindikira kufunika kwake pa 2 Januwale 2023. Usiku umenewo, mumzinda wa Cincinnati, wosewera wa timu ya Buffalo Bills, Damar Hamlin, wa zaka 24, anagundidwa pachifuwa pa masewero a mpira wachimereka. Anadzuka, kenaka n'kugwa chagada: mtima unali utaima. Mmodzi mwa amene anamuthamangira anali Denny Kellington, athletic trainer wa timuyo, amene anayamba kumupsinja pachifuwa pomwepo kuti magazi apitirire kuyenda, kufikira makina odzutsa mtima atagwira ntchito yake. Hamlin anachira, ndipo chaka chomwecho anabwerera m'bwalo.

Si onse amene amapulumuka. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Lyon pa 26 Juni 2003, timu yake ikusewera ndi Colombia, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Chaswe Nsofwa, womwetsa zigoli wa ku Zambia, anagwa pa masewero okonzekera a timu yake ya Hapoel Be'er Sheva ku Israel pa 29 Ogasiti 2007, nayenso ali ndi zaka 28. Onse awiri linali vuto la mtima. Madokotala amati mtima ukaima, mphindi iliyonse imene yadutsa popanda thandizo imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mwayi wopulumuka. N'chifukwa chake wodziwa ntchitoyi ayenera kukhala pabwalo pomwepo; kuchipatala cha pa boma n'kutali.

Ku America, njira yofikira pa ntchitoyi yatalika. Kale digiri yoyamba inali yokwanira, koma kuyambira 2022 masukulu ovomerezeka amangophunzitsa ntchitoyi pa digiri yachiwiri. Wophunzira amatha zaka zinayi pa digiri yoyamba, kawirikawiri ya sayansi ya thupi ndi masewero, n'kuwonjezera zina ziwiri. Akatero amalemba mayeso a bungwe la Board of Certification, ndipo pafupifupi m'zigawo zonse za dzikolo amafunikanso chilolezo cha boma.

Maphunziro ake ndi achipatala ndithu. Wophunzira amayenera kudziwa fupa lililonse, mnofu uliwonse ndi mitsempha imene imamanga mfundo za thupi, ndipo m'masukulu ambiri phunziro limeneli limachitikira pa mitembo yeniyeni, chinthu chimene wofuna ntchitoyi ndi bwino achidziwiretu. Amaphunzira mmene mtima ndi mapapo zimagwirira ntchito munthu akamathamanga, zakudya, mankhwala, kusiyanitsa kubinya ndi kuthyoka pongogwira ndi manja, kumanga bandeji, ndi mafizo obwezeretsa mphamvu m'chiwalo chovulala. Nthawi yambiri amaithera pabwalo ndi m'chipatala, pansi pa munthu wodziwa kale.

Koma chovuta kwambiri pa ntchitoyi sichili m'buku. Ndicho kuuza kochi, masewero atafika pa lende, kuti wosewera wake wodalirika atuluke. Kochi amafuna chikho, ochemerera amafuna chigoli, ndipo wosewera mwini wake amalumbira kuti ali bwino. Malamulo a masewero a m'makoleji a ku America anachita kulemba kuti mawu omaliza pa nkhani ya wovulala ndi a achipatala, osati a kochi. Lamuloli silikanalembedwa pakanakhala kuti makochi amamva okha.

M'chigawo chino cha Africa, ntchito yomweyi imagawidwa pakati pa anthu a maina ena. Woyamba ndi physiotherapist, amene ambiri amangomuti dokotala wa mafizo. Ku Malawi, sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kupereka digiri ya ntchitoyi m'chaka cha 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Izi zisanachitike, Mmalawi wofuna digiriyi ankayenera kupita kunja. Ku Zambia, digiri imapezeka ku University of Zambia, pomwe Evelyn Hone College ku Lusaka yakhala ikupereka dipuloma kwa zaka zambiri. Ku Zimbabwe kuli University of Zimbabwe, ndipo ku Mozambique kuli sukulu ya ISCISA ku Maputo. Womaliza maphunziro amalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zachipatala m'dziko lake, monga Medical Council of Malawi kapena Health Professions Council of Zambia, asanagwire wodwala.

Njira yachiwiri ndi sayansi ya zamasewero, imene imaphunzitsidwa ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, ku National University of Science and Technology ku Bulawayo, ndi ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Apa mpofunika kusamala. Digiri imeneyi imakonzekeretsa munthu kulimbitsa matupi a osewera, kuphunzitsa ndi kuyendetsa zamasewero, koma siimupatsa chilolezo chochiza wovulala. Makolo ena amazindikira izi mwana atatha kale zaka zinayi. Ku South Africa kuli ntchito inanso yotchedwa biokinetics, yochiza ndi kupewa matenda pogwiritsa ntchito masewero olimbitsa thupi, imene inavomerezedwa ngati ntchito yachipatala m'chaka cha 1983. M'njira zonsezi khomo ndi limodzi: kukhoza bwino maphunziro a sayansi kusekondale. Mnyamata amene amathawa kalasi ya sayansi kuti akasewere mpira akudzitsekera yekha khomo limeneli.

Nanga ntchito zimapezeka kuti? Wachinyamata aliyense amalota atakhala pa benchi ya Flames, Chipolopolo kapena Warriors. Malo oterowo alipo, koma ndi owerengeka. Ligi yaikulu ya Malawi ili ndi matimu 16, ya Zambia 18, ndipo matimu ambiri amalemba munthu mmodzi kapena awiri, ena mwa iwo ongobwera tsiku la masewero. Ngakhale ku America komwe, ogwira ntchito m'matimu otchuka ndi ochepa; ambiri ali m'masukulu a sekondale, m'makoleji, m'zipatala, kwa asilikali ndi m'mafakitale.

Phindu la ntchitoyi likuoneka bwino pa nkhani ya Mwai Kumwenda, katswiri wa mpira wa ntchemberembaye wa ku Malawi. M'chaka cha 2018, akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, anaduka mtsempha wa mkati mwa bondo. Kuvulala kotere kumafuna opaleshoni ndi mafizo a miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu, ndipo iye sanasewere nawo mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool. Koma m'chaka cha 2020 timu yake inatenga chikho cha ligi, ndipo Kumwenda ndi amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa masewero omaliza. Mtsikana wakumudzi akavulala chimodzimodzi, bondo limatemedwa mphini, limathowedwa ndi madzi otentha, ndipo kutupa kukatha onse amati wachira. Chimene chimatsala ndi bondo logwedera, lomupereka akasenza ndowa pamutu kapena akamatsika m'dimba. Iye sanangotaya mpira wokha.

Apa ndi pamene pali ntchito yochuluka, ndipo ndi yokhudza alimi mwachindunji. Luso lokonza bondo la wosewera ndi lomwelo lofunika kwa bambo amene msana wamuuma ndi khasu, mnyamata wa kabaza amene anathyoka mwendo pangozi, mayi amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ndi mwana amene malungo a muubongo anamusiya osayenda. Malo monga Kachere Rehabilitation Centre ndi chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, zipatala za boma ndi za mishoni, migodi ya ku Copperbelt, ndi mabungwe othandiza anthu olumala m'midzi, onsewa amafuna anthu otere. Kuti boma lili ndi ndalama zowalembera onse ntchito ndi nkhani ina, ndipo omaliza maphunziro ena amadikira nthawi yaitali kapena kupita kunja.

Pakadali pano mipikisano ya m'midzi ikuchitikabe, ndipo pabwalo pamakhala mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wa komiti ya achinyamata. Zina mwa zimene akatswiri amachita sizifuna digiri. M'chaka cha 2006 bungwe la FIFA linatulutsa ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20, yosafuna zipangizo zambiri. Kafukufuku amene anachitika ku Norway pakati pa atsikana osewera mpira, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti inachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wosewera amene wagwa popanda womugunda, osayankha ndiponso osapuma bwino, amafunika kumupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza, wina akuthamangira galimoto. Amene wazunguzika ndi kutentha m'mwezi wa Okutobala, thupi lili juu ngati moto, amafunika kumuziziritsa kaye ndi madzi ambiri ozizira pamthunzi asananyamulidwe. Wogunda mutu amene akuona chizungulire, kusanza kapena kuiwala kumene ali, atuluke, akaonedwe kuchipatala, ndipo asagone yekha usiku umenewo.

Mabungwe a Red Cross ndi St John amaphunzitsa chithandizo choyamba m'maiko ambiri a chigawo chino, ndipo maphunziro ake amatenga masiku ochepa. Komiti yokonza mpikisano ikamalemba bajeti ya mbuzi, mipira ndi malipiro a woyimbira, ingathe kuwonjezerapo mzere umodzi wotumiza achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, kukaphunzira zimenezi mpikisano usanayambe.