Mulungu akati ayi

Nthawi ya maumboni ikakwana m'matchalitchi mwathu, amaimirira ndi anthu amene Mulungu anawavomera. Wina wapeza ntchito, wina mapepala a ku Joni atuluka, wina adokotala amuuza kuti chotupa chija chazimirira. Timaomba m'manja, nthungululu n'kumveka. Pa benchi lomwelo pamakhalanso mayi amene anakwera phiri la Bunda, anasala kudya mpaka milomo kung'aluka, koma mwana amene ankamupemphererayo anakamuika m'manda. Ameneyu palibe amamupatsa maikolofoni.

Chimene timamupatsa ndi zifukwa. Akuti chikhulupiriro chinachepa, akuti pali tchimo lobisika, akuti ndi maziko a kumtundu, kapena mbewu imene anabzala kwa mneneri inali yochepa. N'zoona kuti kalata ya Yakobo imanena za anthu amene salandira chifukwa chopempha ndi mtima wadyera. Koma amene amathamangira vesi limeneli ndimawapempha awerengenso mayina a anthu amene anakanidwa m'Baibulo.

Mose anapempha kuti aoloke Yordano, Mulungu anamuuza kuti nkhaniyo asaitchulenso, ndipo dziko la Kanani anangoliona ali pamwamba pa phiri. Davide anagona pansi osadya, kudandaulira khanda limene anabereka ndi Batiseba. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwanayo anamwalira. Antchito ake ankangonong'onezana, kuopa kumuuza. Iye atazindikira anadzuka, nasamba, nasintha zovala, napita kukalambira, kenako n'kuitanitsa chakudya. Antchito aja anadabwa, ndipo inenso ndimadabwa nthawi zonse ndikawerenga 2 Samueli 12. Wina anganene kuti awiriwa anali atalakwa, ndipo sakunama. Nanga Paulo? Katatu konse anapempha kuti minga ya m'thupi mwake ichoke, sinachoke. Anangolonjezedwa chisomo choti apirire nacho. Nanga Yesu ku Getsemane, amene anapempha kuti chikho chimupitirire, m'mawa mwake n'kupachikidwa? Ndani angayerekeze kunena kuti chikhulupiriro chake chinachepa?

Akhristu ambiri amatonthozedwa ndi nkhani ya Monica, mayi wa Augustine, yemwe anadzakhala mphunzitsi wotchuka wa mpingo. M'chaka cha 383 mwana wakeyo anaganiza zochoka ku Carthage kupita ku Rome, ndipo mayiyo analira kwa Mulungu kuti ulendowo ulephereke, poopa kuti akalowerera. Augustine anamunamiza mayi ake, n'kuzemba usiku pa sitima ya pamadzi. Koma ndi ku Italy komweko kumene anakamva maulaliki a bishopu Ambrose ku Milan, nabatizidwa mu 387. Pempho la tsiku limenelo linakanidwa, pamene chimene mayiyo ankachilirira zaka zonsezo chinachitika.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma tisaisandutse lamulo. Sikuti aliyense wokanidwa amadzaona chifukwa chake. Namondwe wa Freddy atagumula matope a m'phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu March 2023, m'nyumba zimenezo munali anthu opemphera. Kuuza wotsala kuti Mulungu wamukonzera zabwino zoposa ana ake ndi nkhanza, ngakhale wonenayo atanyamula Baibulo. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osalankhula. Atangotsegula pakamwa kufotokoza chifukwa chimene akuvutikira, analakwitsa, ndipo Mulungu anawadzudzula. Ndiponso kuvomereza sikutanthauza kutseka pakamwa. Salimo 88 ndi dandaulo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, lopanda chitonthozo, koma analisiya m'buku la mapemphero.

Funso lovuta ndi lakuti munthu asiye liti kupempha. Abale a mipingo ya Pentekoste amakumbutsa za mkazi wamasiye wa mu Luka 18 amene anatopetsa woweruza mpaka anamuthandiza. Ife amene tinakulira mu CCAP tinaphunzitsidwa kwambiri za chifuniro cha Mulungu, mwina mpaka kugonja msanga. Zonse ziwirizi zili m'buku limodzi, ndipo palibe m'busa angakuuzeni tsiku losinthira.

Azakhali anga, mayi wa Mvano, anapempha mwana zaka zambiri. Anamwa madzi opemphereredwa, anachezera m'mapemphero a usiku wonse, anamva mawu onyoza kuchokera kuchimuna. Msinkhu wobereka utadutsa anasiya kupempha zimenezo, osalengeza kwa aliyense. Analera ife ana a mlongo wawo, natilipirira sukulu ndi ndalama za mandasi, ndipo pamaliro ndi iwo amayambitsa nyimbo. Nditawafunsa ngati anavomereza, anandiyang'ana akupukuta ufa m'manja ndi chitenje.

"Kuvomereza ndinavomereza, mwanawe," anatero. "Koma mlanduwo sunathe ayi. Ndikakafika kumeneko akandifotokozere bwinobwino, ndipo sindidzakhala ndi changu."