Filimu yabwelanso: mashoti 36 cabe, ganiza usanakope

Pa foni yako pali masinapu angati? Nanga foni ikagwa m'madzi, olo akakutsomphola pa City Market, yangatsale angati? Koma ona alubamu ya ambuya: cithunzi ca ukwati wao cikalipo, ngakhale wamene anawakopa anapita kale. Iyo ni nchito ya filimu, ndipo manje acinyamata ayambanso kuifuna.

Kampani ya Kodak inagwa mu nkhongole mu 2012, anthu n'kumati filimu yafa. Koma mu 2018 inabweza filimu yake ya Ektachrome, ndipo mu 2024 Pentax inatulutsa kamela yatsopano ya filimu, Pentax 17. Iwe usavutike na yatsopano. Makamela akale monga Pentax K1000 na Canon AE-1, onse a mu 1976, akali kugwila nchito. Funsa amalume, kapena ili m'sutukesi pansi pa bedi.

Apa ndiye pali nkhani. Lolo imodzi ya 35mm ili na mashoti 24 olo 36, ndipo shoti iliyonse ni ndalama. Kulibe sikilini yoonelapo, kulibe kudilita. Ndiye cifukwa cake wokopa na filimu sathamanga. Ayamba waona kwamene kucokela dzuwa, acotsa cigubu cili kumbuyo kwa munthu, ayembekeza mpaka nkhope imasuke, ndiye atinika.

Sankha filimu molingana na kuwala. ISO 200, monga Kodak Gold, ikonda panja. ISO 400, monga Ilford HP5 ya black and white, ikwanitsa ngakhale kumadzulo. Dzuwa likawala bwino, ika lenzi pa f/16, sipidi pafupi na nambala ya filimu yako: ya 200, ika pa 1/250.

Cenjela na ziwili. Usatsegule kumbuyo kwa kamela usanabweze filimu m'kacibotolo kake, cifukwa kuwala kukalowa, masinapu yapsa. Ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuononga filimu: yamene sunaseŵenzetse, isunge mu fuliji, osati pa windo.

Kuwasha ndiye kosangalatsa. Filimu ili na timibulu twa siliva tomwe tusintha tukaona kuwala, koma cithunzi sicioneka mpaka ilowe mu mankhwala. Uiika mu kathanki mu mdima wa bii. Mankhwala oyamba atulutsa cithunzi, aciŵili aimitsa, acitatu acikhazika kuti cisafufutike. Black and white ifuna madigili 20, ya makala pafupifupi 38. Laiti yofiila yamene uona mu mafilimu ni ya popilinta pa pepala ya black and white cabe.

Usanagule lolo, yamba wafunsa kwamene uzawashila, na mtengo wake. Akakusikanila kuti uike pa Instagram, usasiye manegativu ku situdiyo. Yasunge pouma, mu emvulopu, ulembepo deti na maina a anthu. Adzukulu ako adzafuna kudziŵa kuti uja wa jekete pa Kamwala anali ndani.