MAU A CHINGELEZI ONENA ZA IMFA MWAULEMU

Tiyerekeze kuti pamudzi pafika kalata ya m'Chingelezi yochokera ku Bulawayo. Makolo aitana mwana wa sukulu kuti awawerengere. Iye apeza mau akuti "Your uncle passed away on Sunday," namasulira kuti amalume anadutsa Lamulungu. Banja liyamba kudikira mlendo, chonsecho uthengawo ndi wa maliro.

Chamsokoneza mwanayu nchiyani? M'Chingelezi muli aneni ambiri amene tanthauzo lao limasintha akaphatikizidwa ndi kaliu kena. "Pass" payekha ndiko kudutsa, ndipo gwero lake ndi liu la Chilatini lakuti "passus," ndiye kuti phazi limodzi la munthu poyenda. Koma "pass away" ndiko kumwalira.

Ifenso sitinena kuti munthu wamkulu wafa. Timati watisiya kapena watsogola. Momwemonso Angelezi amafewetsa liu louma lakuti "die" pofanizira imfa ndi munthu wapaulendo amene akunka nazimiririka.

Mauwa ali ndi tanthauzo linanso, lokondedwa ndi alakatuli: kutha pang'onopang'ono kwa zinthu zosakhalitsa, monga usiku, chisoni kapena ufumu. Baibulo la Chingelezi la King James, la chaka cha 1611, linawagwiritsa ntchito motero pa Mateyu 24:35 ndi pa Chibvumbulutso 21:4. Achinyamata muwerenge mavesiwa, muwayerekeze ndi a m'Buku Lopatulika.

Polemba, kumbukirani zinthu zitatu. Choyamba, timati "she passed away" kapena "she has passed away". Kunena kuti "she was passed away" nkulakwa. Chachiwiri, musawasokoneze ndi "pass out," kumene kuli kukomoka, kapenanso kutsiriza maphunziro a usilikali ndi upolisi. Kaliu kamodzi kangaliritse mudzi wonse munthu ali moyo. Chachitatu, mauwa ndi a ulemu, oyenera m'kalata yopepesa anamfedwa. Mbuzi kapena chimanga chofota timangoti "died."

Makolo, mwana akamasulira kalata ndipo nkhani yake siikumveka, musamdzudzule. Mfunseni awerengenso, ayang'ane mau awiriwo pamodzi m'dikishonale, kapena afunse aphunzitsi. Kufunsa ndiko kudziwa njira. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, tsiku limene mudzapeza "passed away" m'kalata, musafulumire kulankhula. Khalani pansi, itanani wamkulu pambali, mumuuze mwaulemu monga mwambo wathu ufunira.