Musam'mane mwana chiyankhulo cha kwawo

Ana anga, tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi mayi wina wachitsikana adandikokera pambali. Iye kwawo ndi ku Dowa, bambo akunyumba ndi a ku Rumphi. Akuti adagwirizana kuti pakhomo pazimveka Chingerezi chokhachokha, kuopa kum'sokoneza mutu mwana wawo wa zaka zitatu. Ndidam'funsa: "Nanga agogo ake akabwera, azimvana bwanji?" Adangoti zyolii.

Nkhawa imeneyi ili ndi makolo ambiri, makamaka chiyambire 2014 pamene boma lidalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Komatu mutu wa mwana si ndowa yoti ikadzadza madzi n'kumatayika ayi. Nthawi zambiri wodziwa ziyankhulo ziwiri savutika kwenikweni pophunzira chachitatu.

M'chaka cha 1994, akatswiri awiri, Jasone Cenoz ndi Jose Valencia, adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pakati pa ana asukulu a m'dera la Basque ku Spain. Adapeza kuti odziwa chiyankhulo cha kumeneko pamodzi ndi Chisipanishi ankakhoza bwino Chingerezi kuposa odziwa Chisipanishi chokha. Nako ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1990 Merrill Swain ndi anzake adapeza kuti ana otha kuwerenga ndi kulemba chiyankhulo cha makolo awo ndiwo ankachita bwino pa Chifalansa. Kungochiyankhula kokha sikunkathandiza kwambiri.

Chinsinsi chake n'chakuti mwana wotere adazolowera kale kuti chinthu chimodzi chimakhala ndi mayina angapo. Amayi akuti "madzi", abambo akuti "maji". Tsono aphunzitsi akabwera ndi dzina lachitatu, iye sadabwa. Ziyankhulo zikakhala zapachibale ndiye phindu limakula: akadzamva Mzulu akunena "amanzi", sadzafuna womasulira. Inenso ndidaziona m'wodi. Anamwino anzanga okulira m'ziyankhulo ziwiri sankachedwa kutola Chiyao chofunsira wodwala pamene pakupweteka.

Komabe si matsenga. Chiyankhulo chimafuna kuchimva ndi kuchiyankhula tsiku ndi tsiku. Choncho inu amayi, yankhulani naye Chichewa chomveka bwino. Inu abambo, Chitumbuka chanu musachite nacho manyazi. Muyimbireni, musimbireni nthano, ndipo akayamba sukulu m'phunzitseni kuwerenga ndi kulemba m'chiyankhulo chanucho. Chingerezi muziwerenga naye timabuku madzulo, china akachipeza m'kalasi.

Akamasakaniza mawu musam'kalipire, si matenda amenewo, zimatha akamakula. Koma ngati wakwanitsa zaka ziwiri asakulumikiza mawu awiri, kapena satembenuka mukamuitana, musanamizire ziyankhulo. Pitani naye kusikelo akamuone makutu.

M'mera mpoyamba, ana anga. Chingerezi angathe kuchiphunzira ngakhale atamera imvi, koma agogo ake sadzakhalapo mpaka kalekale kudikira kuti mdzukulu awayankhe moni.