Kale Akambuku Akusuta Fodya

Agogo akafuna kuyamba nthano kuno kwathu amati "Padangotero," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse." Agogo a ku Korea nawo ali ndi kayambidwe kawo. Iwo amati, "Kalekale, akambuku akusuta fodya..." Kambuku wake si wamawangamawanga uja timamudziwa ife ayi, koma chimkambuku chamizeremizere cha ku Asia. Pazithunzi zina zakale amachijambula chili phee, kaliwo wautali ali kukamwa, akalulu akuchigwirira.

Kambuku sasuta, izi mukuzidziwa. Amene ankasutadi ndi abambo. Mu 1998, pa abambo 100 alionse a ku South Korea, 66 anali osuta fodya. Tayerekezani kalasi ya ana 30, kenako muganize kuti ana 20 mwa iwo bambo awo akununkha utsi. Koma pofika 2022 osuta anali atatsika kufika pa 30 mwa 100 alionse. Nanga enawo anatani kuti aleke?

Tiyambe ndi mmene ankayambira. Ku South Korea mnyamata aliyense wathanzi amayenera kukatumikira ku usilikali, masiku ano kwa chaka ndi theka kapena kupitirirako. Kale asilikali ankapatsidwa ndudu ngati mbali ya phoso lawo, ndipo nthawi yopuma inali nthawi yosuta. Mnyamata amene anachoka kwawo asakudziwa n'kuyatsa komwe ankabwerera paketi ili m'thumba. Akayamba ntchito ankapezanso anzake akusuta pakhomo pa ofesi, madzulo n'kupita onse kukadya nyama yowotcha ndi kumwa mowa wotchedwa soju, utsi uli tolotolo.

Chovuta n'chakuti mufodya muli chikonga, chimene madokotala amati nikotini. Munthu akakoka utsi, chikongacho chimafika muubongo m'masekondi 10 okha kapena kuposerako pang'ono, ndipo ubongo umakondwa. Ukazolowera umayamba kulamula ngati mwana wopusitsidwa: ndipatse, ndipatsenso! Ukamanidwa umavuta. Munthu amapsa mtima ndi zazing'ono, tulo sitibwera, mutu sugwira, njala ili kutsogolo. Chimenechi ndiye chibaba, ndipo chimafika pachimake cha m'tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Anthu a ku Korea ali ndi mawu akuti jaksim samil, kutanthauza kuti chimene mtima watsimikiza chimatha masiku atatu basi. Pa 1 Januwale abambo ambiri amataya ndudu zawo m'bini, pa 4 Januwale uwapeza ali kugolosale. Musawaseke kwambiri. Si ulesi, ndi ubongo ukulira.

Amene anagwedeza mitima ya anthu ambiri anali munthu wanthabwala, Lee Joo-il. Dziko lonse linkamudziwa chifukwa chowaseketsa pa TV. Mu 2001 anamupeza ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mu 2002 anavomera kuonekera pa TV atafooka, akupuma movutikira, n'kuchonderera anthu kuti asiye fodya. Anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Abambo ambirimbiri anataya ndudu ataona nkhope imene inkawaseketsa ija itatha choncho. Koma mantha ali ngati moto wamapesi, sachedwa kuzima. Pankafunika china chowagwira dzanja mantha akatha.

Chinacho ndi kiliniki. Kuyambira 2005, zipatala zazing'ono za boma m'dziko lonselo zili ndi kachipinda kothandiza anthu kusiya fodya, ndipo thandizo lake ndi laulere. Bambo akalowa, mlangizi amamufunsa kuti amasuta ndudu zingati patsiku, ndiponso kuti akadzuka m'mawa pamapita mphindi zingati asanayatse yoyamba. Funso lachiwirili ndi lochenjera: amene amayatsa asanasukusule n'komwe ndiye kuti chikonga chamugwira zolimba. Kenako amamupatsa kamakina kokwana m'manja. Bamboyo amakoka mpweya, kuugwira pang'ono, n'kuuzira m'kapaipi, fuuu! Kamakinako kamaonetsa nambala ya mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide umene uli m'thupi mwake. Ine kamakina kameneka ndimakakonda chifukwa sikanyengereka. Unganamize mkazi wako kuti sunasute, koma iko ayi. Ndipo kali ndi nkhani yabwino: munthu akangosiya, mpweya woipawo umachoka m'magazi pasanathe masiku awiri. Akabweranso amaona nambala itatsika, maso ake omwe akuchitira umboni.

Amamupatsanso kachigamba komata pamkono ngati pulasitala, kamene kamalowetsa chikonga pang'onopang'ono kudzera pakhungu popanda utsi, kapena chingamu chapadera chotafuna chibaba chikavuta. Mlingo wake amautsitsa pang'onopang'ono mpaka ubongo utaiwala kulira. Mlangizi uja amakhala akumuimbira foni ndi kumutumizira mauthenga kwa miyezi 6. Amamuphunzitsanso chinsinsi chakuti chibaba chimabwera ngati mvula yamkuntho, mphindi zochepa n'kudutsa. Imwa madzi, tsuka mano, yenda pang'ono, chapita.

Boma linakhudzanso thumba. Mu Januwale 2015, paketi ya ndudu imene inali 2,500 won (ndalama za ku Korea) inakwera kufika 4,500 won tsiku limodzi. Mwezi womwewo analetsa kusuta m'malesitilanti ndi m'malo omwera onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Mu Disembala 2016 anayamba kusindikiza pamapaketi zithunzi zoopsa za mapapo odwala ndi makosi obowoka. Chaka cha mtengo watsopanocho osuta anachepa ndithu, ngakhale ena atazolowera mtengowo anabwerera.

Mdani wamkulu wa bambo amene wasiya ndi mowa. Akamwa ndi anzake a kuntchito, mutu n'kupepuka, wina n'kumutambasulira paketi, kukana kumavuta, makamaka ngati wotambasulayo ndi bwana, pakuti ku Korea ulemu kwa akuluakulu sauseweretsa. "Imodzi yokha" ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Ochita kafukufuku amapeza kuti abambo amene samwa kwambiri, amene ali pabanja, ndi amene kunyumba kwawo kuli lamulo loti muno sasutiramo, ndiwo amapambana kawirikawiri. Ambiri amagwa kangapo asanasiyiretu, ndipo kiliniki imawalandiranso.

Lamulo la kunyumbali linabala dzina loseketsa. Anthu ambiri ku Seoul, likulu la South Korea, amakhala m'nyumba zazitali zosanjikizana. Amayi ndi ana atayamba kukana utsi pabalaza, abambo ankatuluka usiku kukasutira pakhonde. Munthu woyenda pansi akakweza maso ankangoona timoto tofiira tikuthwanima apa ndi apo m'mwamba, mwakuti anawatcha abambowo kuti ziphaniphani. Koma utsi umakwera, ndipo a nyumba yapamwamba anayamba kudandaula kuti ukulowa pawindo, kukakamira pazovala zoyanika. Chiphaniphani chinathamangitsidwanso pakhonde. Kunangotsala kuvala jekete, kutsika mpaka pansi, kukaima panja. M'mwezi wa Januwale ku Seoul kumazizira mpaka madzi kuuma gwa ngati mwala, ndipo bambo amaima pamenepo yekha, zala zili njenjenje, akuyang'ana windo la nyumba yake m'mwamba momwe ana akudya malalanje pamalo otentha.